Kukhala ndi Wodwala Sitiroko Pakhomo: Masiku Abwino, Masiku Ovuta ndi Mtima Woyamika

Sitiroko ndi chiyani?

Sitiroko, imene ambiri amaitchula kuti matenda ofa ziwalo, imachitika magazi akalephera kufika mbali ina ya ubongo. Kawirikawiri magazi oundana ndiwo amatseka mtsempha, koma nthawi zina mtsempha umaphulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Mbali imene yasowa magaziyo imawonongeka, ndipo ntchito zimene inkayendetsa zimasokonekera: kuyenda, kugwira zinthu, kulankhula, kumeza ngakhalenso kukumbukira. Ubongo wa kumanzere umayendetsa ziwalo za kumanja, wa kumanja umayendetsa za kumanzere. N'chifukwa chake wodwala amafooka mbali imodzi.

Gwero lalikulu la sitiroko ndi kuthamanga kwa magazi, kumene anthu amangoti BP. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti pa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matenda a shuga, matenda a mtima, fodya, mowa wambiri ndi kachilombo ka HIV nazonso zimawonjezera chiopsezo. Popeza sitiroko imagwa mwadzidzidzi, m'midzi ndi m'matauni momwe mumamveka zoti munthu "wamenyedwa hamala" ndi afiti. Maganizo amenewa amachedwetsa wodwala kufika kuchipatala ndipo amadanitsa abale pa nthawi imene akufunika kugwirana manja. Sitiroko ndi matenda a mitsempha ya magazi, ndipo si opatsirana.

Wodwala akatuluka m'chipatala

Masiku a kuchipatala amakhala ochepa. Ulendo wautali umayambira pakhomo, pamene munthu amene ankalima, kugulitsa pamsika kapena kupalasa njinga akufunika womudzutsa, womusambitsa ndi womuperekeza kuchimbudzi. Kuchira kumaoneka kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, koma kumapitirira pang'onopang'ono kwa zaka ngati ziwalo zikugwiritsidwa ntchito. Ena amabwerera ku ntchito zawo, ena amayenda ndi ndodo, ena amatsala akuyendera njinga ya olumala. Palibe amene anganeneretu tsiku loyamba pamene wodwala adzafike.

Chimene chimadabwitsa mabanja ambiri n'chakuti kuchiraku sikuyenda mowongoka ngati msewu wa tala. Lolemba wodwala amatha kudzikokera yekha mpaka pakhonde, kudya phala lonse ndi kuseka ndi adzukulu. Lachiwiri amakana kudzuka, mawu osatuluka bwino, mwendo uli lendee. Apa a pabanja amaganiza kuti matenda abwerera, kapena kuti wodwalayo akuchita ulesi ndi matama. Nthawi zambiri si choncho.

Chimene chimabweretsa masiku ovuta

Ubongo umene wavulala umagwira ntchito yaikulu pochita zinthu zazing'ono. Kumanga batani limodzi la malaya kungatopetse wodwala ngati mmene kusenza mtolo wa nkhuni kumatopetsera munthu wabwinobwino. Kutopa kotereku sikutha ndi tulo ta usiku umodzi, ndipo kawirikawiri kumabwera tsiku lotsatira tsiku labwino, pamene wodwala anadzipanikiza chifukwa cha chisangalalo.

Zina zimene zimagwetsa tsiku ndi kusagona bwino, kumwa madzi ochepa makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kudzimbidwa, ululu wa paphewa, phokoso ndi alendo ambiri obwera nthawi imodzi. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ziwalo zofooka zimatha kuuma kwambiri. Malungo, chifuwa kapena matenda a m'njira ya mkodzo amathanso kufooketsa mbali yodwala kwa masiku angapo.

Mtima nawo umasintha. Odwala ena amalira kapena kuseka popanda chifukwa chooneka, ena amapsa mtima msanga. Izi zimachokera ku kuvulala kwa ubongo ndi ku chisoni cha munthu amene wataya zambiri nthawi imodzi. Si mwano ayi.

Tsiku lovuta lifunika kuchepetsa zochita, kupatsa wodwala madzi ndi mpata wopuma, ndi kuyambiranso mawa lake. Akuluakulu anati dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.

Tsiku lovuta ndi tsiku loopsa n'zosiyana

Munthu amene anadwalapo sitiroko akhoza kudwalanso. Wodwala afunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, pakaoneka chimodzi mwa izi:

- kukhota kwa kamwa kapena nkhope kumene kunalibe kale
- kufooka kwatsopano kwa mkono kapena mwendo
- kulephera mwadzidzidzi kulankhula, kumva zimene ena akunena kapena kuona
- mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi, kusanza, kukomoka kapena kugwa ngati wa khunyu
- kutentha thupi, kubanika kapena chifuwa chimene chayamba atatsamwa ndi chakudya
- kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi
- kugwa n'kumenyetsa mutu pansi

Ngakhale zizindikiro zitatha zokha patapita mphindi zochepa, ulendo wa kuchipatala usalephereke, chifukwa limenelo limakhala chenjezo. Panjira wodwala asapatsidwe chakudya, madzi kapena mapiritsi. Aspirin amene adokotala sanalembe ndi woopsa, chifukwa ngati mtsempha waphulika amawonjezera kutaya magazi.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku

Wodwala amene satha kudzitembenuza afunika kutembenuzidwa maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Zilondazi zimayambira pamene fupa latsamira pogona: m'chiuno, kumapeto kwa msana, pazidendene ndi pamapewa. Khungu likasintha mtundu kapena likamatentha pamalo amenewa, ndiye kuti chilonda chili pafupi. Pogona pakhale pouma ndi pofewa. Mkeka wokha pasimenti sukwanira. Mkono wofooka uzitsamira pa pilo kapena pa nsalu yopindidwa, ndipo podzutsa wodwala mkonowo usakokedwe, chifukwa phewa limaguluka mosavuta.

Pakudya, wodwala akhale tsonga, adye pang'onopang'ono ndi sipuni yaing'ono, ndipo akhalebe chikhalire kwa mphindi 30 akatha kudya. Phala lothira nsinjiro, nsima yofewa, nthochi, mbatata kapena maungu opota, nyemba zosenda ndi mazira zimamezeka bwino. Chakudya chimatha kutsalira m'tsaya la mbali yofooka, choncho m'kamwa muzitsukidwa akatha kudya. Wodwala akamatsokomola kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi nthawi iliyonse akameza, achipatala adziwitsidwe, chifukwa chakudya cholowa m'mapapo chimayambitsa chibayo.

Povala, mkono wofooka ndiwo uyambe kulowa m'malaya; povula, uyambe kutuluka ndi wamphamvu. Ndodo igwiridwe ndi dzanja lamphamvu. Njira yopita kuchimbudzi ndi kubafa ikhale yosalala, yopanda miyala, zingwe kapena madzi otayika, ndipo usiku pakhale tochi pafupi. Kumene chimbudzi chili chokumba, mpando wobowola pakati umathandiza wodwala amene sangathe kunjuta. Mtengo wolimba wokhomedwa m'mbali mwa njira umakhala chogwirira chabwino.

Mafizo ndiwo mankhwala a ziwalo. Madokotala a mafizo amapezeka m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ndipo zipatala za maboma zimatha kulozera wodwala kumene angathandizidwe. Zimene a mafizo aphunzitsa zichitike pakhomo tsiku lililonse, kanthawi kochepa koma kangapo, m'malo mwa kamodzi kotopetsa. Ntchito zapakhomo nazo ndi mafizo: kutongola chimanga, kusankha nyemba, kusadzula ndiwo, kupinda zovala. Chikondi chochitira wodwala chilichonse chimafooketsa ziwalo. Chimene angathe yekha achite yekha, ngakhale chitenge nthawi.

Mankhwala ndi kadyedwe

Mankhwala a BP, a shuga ndi ma ARV amwedwe tsiku lililonse monga achipatala analangizira, pa tsiku labwino ndi pa tsiku lovuta pomwe. Anthu ambiri amasiya mankhwala a BP akayamba kupeza bwino, osadziwa kuti BP imakwera mwakachetechete. BP imene ikufika 140/90 kapena kupitirira imatengedwa kuti ndi yokwera. Tsiku lokatenga mankhwala lilembedwe poonekera, ndipo buku la kuchipatala lisungidwe pamalo amene aliyense pakhomo akudziwa. Mankhwala azitsamba asalowe m'malo mwa a kuchipatala, ndipo amene akumwa azitsamba anene kwa adokotala.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi. Mchere umabisalanso mu soda wothira m'therere ndi m'masamba, m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi ndi mu nsomba zoumitsa ndi mchere. Banja lonse likachepetsa mchere, wodwala saoneka wosalidwa pa mphika, ndipo enawo amatetezeka. Fodya, wosuta kapena wofwenkha, asiyidwe, mowanso chimodzimodzi.

Kulankhulana ndi ulemu wa wodwala

Wodwala amene mawu anamuthawa nthawi zambiri nzeru zake zimakhala zilipo. Amamva kuwawa anthu akamakambirana za iye ali pomwepo ngati kulibe. Womulankhula akhale moyang'anana naye, anene chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, afunse mafunso oyankhidwa ndi "inde" kapena "ayi", ndipo adikire yankho osamutsirizira mawu. Ena amene satha kulankhula amatha kuimba nyimbo zimene anazolowera kutchalitchi, ndipo kuimbako kumathandiza.

Bambo akadali bambo, mayi akadali mayi, agogo akadali agogo. Afunsidwe maganizo pa za feteleza, fizi ya ana ndi milandu ya pabanja. Asatsekeredwe m'chipinda, akhale pakhonde, aone dzuwa, alonjere odutsa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amene anadwala sitiroko amadzadwalanso matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Wodwala akakhala milungu iwiri kapena kuposerapo ali wosasangalala, wosafuna kudya, wosagona kapena akamanena kuti kuli bwino kufa, achipatala adziwitsidwe. Amenewanso ndi matenda, ndipo thandizo lake lilipo.

Wosamalira wodwala nayenso ndi munthu

Katundu wa chisamaliro kawirikawiri amagwera munthu mmodzi, makamaka mkazi wa wodwala, mwana wamkazi kapena mdzukulu. Msana umapweteka, tulo timasowa, munda umagonera, geni imaima. Wosamalira amatha kupsa mtima kenako n'kumadziimba mlandu. Kutopa sikutanthauza kuti chikondi chatha.

Mutu umodzi susenza denga. Banja likhale pansi n'kugawana ntchito momveka: wina kugona ndi wodwala masiku akutiakuti, wina kukatenga mankhwala, wina kutunga madzi, wa kutauni kapena wa ku Joni kutumiza ndalama ya thiransipoti ndi sopo. Amuna nawo asambitse ndi kunyamula odwala. Ana asasiye sukulu chifukwa cha matenda a pakhomo. Amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati, a kumzikiti ndi anansi amathandiza bwino akauzidwa chenicheni chimene chikufunika, monga kukhala ndi wodwala maola awiri kuti wosamalira akapume. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi nawo ndi pofikira pa uphungu. Ponyamula wodwala, wosamalira apinde mawondo osati msana, ndipo nayenso akayezetse BP yake.

Mtima woyamika

Pakhomo pamene pali matenda a mgonagona, maso amazolowera kuona zimene zatayika. Kupita patsogolo kumakhala kochepa kwambiri moti amene amakhala ndi wodwala tsiku ndi tsiku sakuona, monga mmene mayi saonera mwana wake akukula. Apa ndi pamene kuyamika kumagwira ntchito yake.

Njira yosavuta ndi kope la sukulu. Madzulo alionse banja lilembemo zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zayenda bwino: lero anagwira kapu yekha, lero anatchula dzina la mdzukulu, lero anafika pamtengo wa mango, lero mnansi anabweretsa nkhuni. Tsiku lovuta lilembedwenso mmene linalili. Pakatha mwezi, kopelo limaonetsa mtunda umene wayendedwa, limaulula zimene zimabweretsa masiku ovuta, ndipo limathandiza adokotala ndi a mafizo pa tsiku la sikelo. Pamene palibe wodziwa kulemba, kutchulirana zinthuzi pa chakudya chamadzulo kapena pa pemphero kumakwanira.

Kuyamika kuyende mbali zonse. Wodwala athokozedwe pa khama lake, pakuti kuphunziranso kuyenda munthu ali wamkulu ndi ntchito yowawa. Wosamalira amve "zikomo" kuchokera kwa abale, makamaka amene amangobwera kudzazonda, m'malo momva zolakwa zake zokha. Wodwala amene satha kulankhula amathokoza ndi maso kapena pofinya dzanja, ndipo kumeneko ndi kuthokoza kokwanira.

Komabe kuyamika si kokakamiza. Mawu akuti "musadandaule, anzanu anamwalira" amatseka munthu pakamwa ndi kumusiya yekha ndi chisoni chake. Wodwala ali ndi ufulu wolira dzanja lake, ntchito yake ndi mphamvu zake. Munthu akhoza kulira m'mawa n'kuyamika madzulo, zonse ziwiri zili zochokera pansi pa mtima. Kuyamikanso sikulowa m'malo mwa mapiritsi, mafizo kapena ulendo wa kuchipatala. Kumapatsa banja mphamvu zopitirizira zimenezo.

Masiku abwino ndi ovuta adzasinthanabe malinga ngati matendawa alipo. Banja limene limasiyanitsa tsiku lovuta ndi tsiku loopsa, limene silidumphitsa mankhwala, limagawana ntchito ndipo limawerenga zing'onozing'ono zimene zatheka, limachepetsa chiopsezo cha sitiroko yachiwiri ndipo limasunga ulemu wa wodwala pamodzi ndi thanzi la womusamalira.