Kuunika nthabwala za kholo loferedwa: zoyenera ndi zosayenera

Pa maliro akwathu adzukulu amaseleula mpaka kumanda, ndipo palibe amene amati anyoza womwalirayo. Chimene sitinazolowere n'chakuti namfedwa mwiniyo ayambitse phwete. M'mabuku ena a makolo omwe anaika mwana m'manda zimatero, ndipo wounika amasowa pogwira.

Choyenera: funsani kuti nthabwalayo ikulasa yani. Rob Delaney, wanthabwala wa ku America wokhala ku London, mwana wake Henry anamwalira mu 2018 ndi chotupa cha mu ubongo, asanakwanitse zaka 3. M'buku lake la 2022, A Heart That Works, amadziseka yekha, ndipo amakalipira moseketsa opepesa aja ongolankhula kuti pakamwa pasakhale chete. Akafika pa Henry, kuseka kwake n'kwa bambo wonyadira mwana. Mitundu itatu ya kuseka imeneyi isiyanitseni.

Chosayenera: musawerenge misozi pa tsamba kuti mudziwe ngati kholo linkakonda mwana wake.

Choyenera: onani chimene chabwera nthabwala itangotha. Buku la Michael Rosen lotchedwa Michael Rosen's Sad Book, la 2004, limayamba ndi chithunzi chojambulidwa ndi Quentin Blake: Rosen mano onse pamtunda. Mawu apansi pake amaulula kuti akungonamizira kukondwa poopa kuti anthu angamutaye. Mwana wake Eddie anamwalira mu 1999 ndi matenda oumitsa khosi, ali ndi zaka 18. Mukabwereranso pa chithunzicho, mano aja sakusekanso. Woona nkhope yokhayo n'kutseka buku sanawerenge kanthu.

Chosayenera: musazule nthabwala pamalo pake n'kuiika yokha pamutu wa nkhani yanu. Ikakhala payokha imaoneka yankhanza, ndipo nkhanzazo ndi zanu.

Choyenera: ngati nthabwala yalephera, nenani. Mwina yatalika, mwina yabwera msanga n'kuphimba chinthu chimene wolembayo anayenera kutilola tichione. Amene wasindikiza buku wapempha owerenga, sanapemphe chipepeso. Kuyamikira chifukwa chomvera chisoni ndi chipongwe chovala ulemu.

Chosayenera: musalembe kuti kuseka kwamuchiritsa. Mawuwa amatonthoza ife owerenga, tikufuna tigone bwino. Rosen analemba buku lake patatha zaka zingapo Eddie atamwalira, ndipo palibe pamene likusonyeza kuti chisoni chinamuchoka. Musauzenso namfedwa mmene mukanalirira inu.