Kusankha Thirakitala Yaing'ono ndi Zida Zake: Yambani ndi Ntchito

Nkhani ino ndi ya inu nonse a kuno ku Bindura: inu a ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo, inu a m'makomboni a ku Trojan ndi ku Freda Rebecca, mpaka inu a ku Shamva ndi a m'mapoloti a m'chigwa cha Mazowe. Lero tikambirane za thirakitala yaing'ono, momwe mungasankhire yoyenera pamodzi ndi zida zake, kuti ikuthandizeni kumanga nyumba ndi kulima munda.

Makolo athu anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a dziko lino la Zimbabwe, ndipo ambiri anakalambira m'nyumba za kampani. Mgodi wa Trojan utaima mu 2008, mabanja ambiri anaona ndi maso kuti nyumba ya kampani si ya munthu. N'chifukwa chake lero ana ndi zidzukulu akulimbikira kupeza sitandi ndi kamunda kawokawo. Wina akalandira ndalama zopumira ntchito, kapena golide akamuyendera bwino, maganizo amathamangira ku thirakitala. Maganizowo ndi abwino, koma ndalama zogulira thirakitala zingathe kumanga nyumba mpaka kufolera. Mukasankha molakwika, mwataya nyumba ndi munda womwe.

Choyamba, musayambe ndi kukaona mathirakitala. Yambani ndi pepala ndi cholembera. Lembani ntchito zonse zimene mukufuna kuti makinawo agwire chaka chonse, mwezi ndi mwezi. Munda wanu ndi wa mahekitala angati? Dothi lake ndi lotani, lamchenga kapena katondo wofiira uja amene amauma gwa mu Okutobala n'kumamata mvula ikagwa mu Disembala? Mchenga ndi njerwa muzikatenga kutali bwanji, ndipo njira yake ili ndi zitunda kapena matope? Madzi omangira ali pafupi? Pepala limenelo ndilo lidzakuuzani zida zimene mukufuna, ndipo zidazo ndizo zidzakuuzani kukula kwa thirakitala. Amene amagula thirakitala kaye, zida pambuyo, kawirikawiri amapezeka ndi pulawo yomwe makina ake sangaikoke.

Chachiwiri, mphamvu. Mphamvu ya thirakitala amaiwerenga m'mahosipawa. Pali kathirakitala ka matayala awiri, kamene munthu amakagwira pazigwiriro n'kumakatsatira pambuyo, ka mahosipawa 12 mpaka 18. Kameneka n'kokwanira kwa munthu wa dimba kapena wa hekitala imodzi kapena awiri. Kamakoka kangolo kakang'ono, kamayendetsa pampu ya madzi ndi makina opukusira chimanga, ndipo sikamwa dizilo wambiri. Koma musakapatse katondo wouma kapena ngolo yodzaza miyala pachitunda.

Ngati muli ndi poloti ya A1, ya mahekitala asanu kapena asanu ndi imodzi olima, ndipo mukumanganso nyumba, yang'anani thirakitala ya matayala anayi ya mahosipawa 45 mpaka 60. Massey Ferguson 135, imene inkapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ili ndi mahosipawa pafupifupi 45, ndipo zina zikugwirabe ntchito mpaka lero chifukwa injini yake ya Perkins amakaniko ambiri amaidziwa. Massey Ferguson 240 ili m'gulu lomwelo. Yokulirapo, ya mahosipawa 75, ndi ya munthu amene akufuna kumalimira anthu ena ganyu nyengo yonse. Kugula yaikulu pamene munda ndi wochepa n'kuwotcha dizilo pachabe, ndipo matayala ake akatha mudzalira nawo mtengo.

Funsaninso ngati imakoka ndi matayala akumbuyo okha kapena onse anayi. Yokoka ndi akumbuyo okha ndi yotchipa kugula ndi kukonza, ndipo pamalo osalala imakwana. Koma ngati malo anu ali m'mphepete mwa phiri, kapena mukufuna kudzaikapo chofosholera chakutsogolo, sankhani yokoka ndi onse anayi.

Chachitatu, zida. Kwa womanga nyumba, chida choyamba si pulawo ayi, ndi ngolo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Njerwa 1,000 zimalemera pafupifupi matani atatu. Matumba 60 a simenti, a makilogalamu 50 lililonse, ndi matani atatu. Mchenga wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu umalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndipo ukanyowa umaposa pamenepo. Choncho ngolo ya matani atatu ndiyo yoyenera thirakitala ya mahosipawa 45 mpaka 50. Ngati thumba likulola, gulani ngolo yodzikhuthula yokha, chifukwa anyamata otsitsa mchenga ndi mafosholo amadya ndalama tsiku ndi tsiku. Ngolo yomweyo idzatuta manyowa mu Seputembala ndi chimanga nthawi yokolola, ndipo ndiyo idzabweretse ndalama za ganyu miyezi imene pulawo ili chigonere.

Chida chachiwiri ndi thanki ya madzi ya matayala. Malita 1,000 a madzi ndi tani imodzi. Thanki ya malita 2,000 imathandiza poumba njerwa, pokanda matope ndi pothirira konkire kuti ilimbe. Chida chachitatu ndi mpeni wosalazira umene umamangidwa kumbuyo, wokonzera bwalo, njira yolowera pasitandi ndi ngalande zopatutsa madzi a mvula. Koma ndinene mosabisa: thirakitala yaing'ono yokhala ndi zida zimenezi sikumba maziko. Maziko amafuna piki ndi fosholo, kapena kubwereka makina okumbira tsiku limodzi. Musalole wogulitsa akunamizeni pamenepa.

Kumunda, pulawo ya mbale ziwiri ndiyo yoyenera thirakitala ya mahosipawa 45 mpaka 50 pa katondo wa kuno. Ya mbale zitatu imafuna mahosipawa 60 kapena kuposa. Mukakakamiza yaing'ono kukoka mbale zitatu, matayala amangozungulira pamalo amodzi, kulachi imapsa, ndipo mzere umatuluka wosazama. Pambuyo pa pulawo pamafunika haro yophwanya zigulumwa. Ganiziraninso chida chong'amba mizere yokha osatembenuza munda wonse. Chimenechi chimaswa dothi louma la pansi, chimasunga chinyezi, ndipo dizilo amapita wochepa. Ndi nzeru yomweyo imene ili mu ulimi wa Pfumvudza, yosasokoneza nthaka kwambiri. Mlangizi wa zaulimi wa AGRITEX wa dera lanu angakuuzeni chimene chikuyenera munda wanu. Safunsa anadya phula.

Chachinayi, onetsetsani kuti chida ndi thirakitala zikulumikizana. Kumbuyo kwa thirakitala kuli mikono itatu yonyamulira zida, iwiri pansi, umodzi pamwamba, luso limene Harry Ferguson anatulukira. Mikonoyi ili m'magulu. Gulu loyamba, la mathirakitala ang'onoang'ono, mapini ake apansi ndi a mamilimita 22. Gulu lachiwiri ndi a mamilimita 28. Mukamakagula pulawo yakale, nyamulani pini ya thirakitala yanu mukayese. Palinso chitsulo chozungulira chotchedwa PTO, chimene chimayendetsa makina otchetcha udzu, opukusira chimanga ndi osakanizira konkire. Pa mathirakitala ang'onoang'ono chimazungulira ka 540 pamphindi ndipo chili ndi mano asanu ndi limodzi. Mathirakitala ena akale ochokera kunja amasiyana pamenepa, choncho werengani manowo ndi chala chanu injini ili chozima.

Chachisanu, masipeyala. Musanapereke ndalama, yendani m'mashopu a m'tauni ya Bindura mufunse fyuluta ya dizilo, lamba wa fani, pampu ya madzi ndi mbale ya kulachi za mtundu umene mwausirirawo. Ngati kulibe, funsani ngati zimapezeka ku Harare, mtunda wa makilomita osakwana 90. Ngati nakonso n'zoitanitsa kunja, isiyeni thirakitalayo ngakhale itawala bwanji. Mvula ya kuno imayamba mu Novembala, ndipo masabata awiri odikira kachitsulo kamodzi angakulandeni nyengo yonse yobzala. Pamsika pali Massey Ferguson, John Deere, New Holland, Mahindra, za ku Belarus ndi za ku China. Sindikukusankhirani dzina. Yabwino ndi imene makaniko wa pafupi nanu amaidziwa, ndipo zitsulo zake mungazipeze tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi, ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Fikani m'mamawa ndipo gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ndiye kuti ailiza kale kuti mavuto asaoneke. Iyenera kulira ili yozizira popanda kukankha. Yang'anani utsi: wabuluu ukutanthauza kuti ikudya oilo, wakuda ndi vuto la dizilo kapena la mpweya, woyera wosatha ungatanthauze kuti madzi akulowa mu injini. Sololani chopimira oilo. Oilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi asakanikirana naye. Mangani pulawo, ikwezeni m'mwamba, zimitsani injini, ndipo dikirani. Ikamatsika yokha msanga, hayidiroliki yatopa. Yesani magiya onse, mabuleki a mbali zonse ziwiri ndi chiwongolero. Onani ming'alu m'mbali mwa matayala akumbuyo, chifukwa awiri atsopano ndi ndalama zambiri. Penti watsopano asakusangalatseni. Pomaliza, yerekezani nambala ya injini ndi ya thupi lake ndi zimene zili pamapepala, ndipo lemberanani pangano pamaso pa mboni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu ndi chiwiri ndi moyo wanu, ndipo apa nditsindike chifukwa kuno ndi kumigodi. M'minda ndi m'tchire mwathu muli maenje akale ndi ena amene okumba golide otchedwa makorokoza anasiya osakwirira, ndipo udzu ukakula saoneka. Musanalowetse thirakitala pamalo achilendo, yendanipo ndi miyendo, muzike zikhomo pa dzenje lililonse. Sankhani thirakitala yokhala ndi chitsulo chotchinga pamwamba pa mpando, ndipo mangani lamba, chifukwa kugubuduzika ndiko kumapha oyendetsa ambiri. Kokani katundu pa chitsulo chokokera chapansi pokha. Mukamanga tcheni pamwamba, thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada. Potsika chitunda ndi ngolo yodzaza, lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsika, ndipo pamsewu lumikizani zopondera mabuleki ziwiri zija kuti zigwire pamodzi. PTO ikhale yovundikira, ndipo wovala chitenje kapena malaya olendewera asayandikire. Mpando ndi umodzi. Mwana asakwere pamadigadi ngakhale alire chotani.

Malamulo nawo muwatsate. Woyendetsa pamsewu akhale ndi laisensi yoyenera. Kukumba mchenga wogulitsa kumafuna chilolezo cha bungwe loona za chilengedwe la EMA, ndipo kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje n'koletsedwa. Pulani ya nyumba ya m'tauni ivomerezedwe ndi khonsolo musanatute njerwa.

Mwina mutawerengera zonsezi mwaona kuti ntchito yanu ndi ya masabata ochepa pachaka. Pamenepo palibe manyazi kubwereka thirakitala ya ganyu, ndalama zanu n'kumalizira nyumba. Kapena sonkhanani mabanja atatu kapena anayi, a mpingo umodzi kapena a bungwe limodzi la maliro, mugule imodzi. Koma mugwirizane polemba za amene aziyendetsa, ndandanda yolimira, ndi ndalama zosungira dizilo, oilo ndi masipeyala. Amene wagula kale asiye ndalama zina pambali zoisamalira: girisi pafupipafupi, kupukuta fyuluta ya mpweya nyengo ya fumbi, kusintha oilo pa maola amene buku lake lanena, ndi dizilo woyera wosungidwa m'mgolo wotseka.

Abale anga, ndalama za kumgodi zimabwera ndi thukuta, ndipo ena anazipeza ataika moyo pachiswe pansi pa nthaka. Musazipereke tsiku limodzi chifukwa cha mawu okoma a wogulitsa. Lembani ntchito zanu usiku uno, mukambirane ndi a m'banja mwanu, mukaonane ndi mlangizi ndi makaniko, ndipo mugule pokhapokha thirakitala, zida ndi masipeyala zitagwirizana.