Kukoloweka Ekizosi Yoti Ipirire Misewu ya ku Tsangano

Pikapu yotsika kumapiri a Tsangano italemedwa ndi matumba a kachewere imayamba kumveka isanatulukire n'komwe pa M1. Mukasuzumira kunsi, nthawi zambiri mupeza ekizosi yomangidwa ndi waya, mwinanso yowotchereredwa ku chasisi kuti isavutenso. Zimenezi ndiye zimaithyola. Injini imanjenjemera, ndipo paipi ya mamita 3 ikatentha imatalika pafupifupi sentimita imodzi. Choncho ekizosi imafuna kulendewera pamphira kuti izipeza posewerera.

Kaya mwalumikiza nokha galimoto kuchokera ku zitsulo zotola, kaya mukudzutsa yakale, chitani izi.

1. Dikirani injini izizire. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, ikani miyala kumatayala, ndipo muichirikize ndi mastandi kapena zipika zolimba. Osalowa kunsi mukudalira jeke yekha. Ngati pali zowotcherera, chotsani kaye mawaya a batire.

2. Yambirani kutsogolo, pa manifodi, n'kumapita kumbuyo. Ikani gasiketi yatsopano, koma mabawuti musawamangitse. Chakufupi ndi injini pakhale kachigawo kopindika ka paipi, kamene kamameza kunjenjemera.

3. Gonekani paipi ndi sailensa pazipika, pamene mukufuna zikhale. Mbali zonse pasiyidwe mpata wolowa zala ziwiri, ndipo pafupi ndi thanki, mapaipi a mafuta ndi a mabuleki mpatawo ukule, muikeponso kachidutswa ka lata kotchinga kutentha. Pamwamba pa ekiselo yakumbuyo ganizirani za katundu, chifukwa galimoto ikasenza makabichi pa Lizulu imakhala pansi, mpata uja n'kutha.

4. Tsopano wowotcherera aike ngowe: ina kupaipi, ina kuchasisi, pakati pake mphira. Sailensa ndi yolemera, ipatseni mphira ziwiri, ina ikhale pakati pa paipi, ina kumchira. Mphira ikoke pang'ono chabe. Ikakungika ngati uta, siichedwa kuduka. Mukasowa yogula, chidutswa cha tayala lakale chikhoza kukufikitsani pa boma, koma linya la chubu limasungunuka.

5. Mangitsani mabawuti kuyambira kutsogolo, chotsani zipika, kenako gwedezani mchira ndi dzanja. Uzisuntha pang'ono osagogoda paliponse. Ukagogoda, masulani muyambirenso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

6. Lizani injini panja, osati m'galaja. Mvetserani kafwee polumikizira, ndipo pakapita masiku yang'anani mwaye wakuda, umene umaulula pobooka.

Mchira utulukire kunja kwa bodi ndithu. Mu utsi wa injini muli mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha, wosaoneka. M'mawa wa Juni ku Tsangano aliyense amatseka mawindo, ana atafunda zitenje. Mukamva mutu kapena tulo tachilendo muli paulendo, imani, tsegulani zitseko, aliyense atsike, ndipo galimotoyo isanyamulenso munthu mpaka mutapeza pamene pakutuluka utsi.