Uthenga wa ku 8383 Ukakanidwa: Mmene Mungalembere Kuti Makina Akumveni

Nduna ya maphunziro ikangolengeza kuti zotsatira za mayeso zatuluka, makolo ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba sadikira kukamva kusukulu. Amatenga foni n'kutumiza uthenga ku 8383, nambala imene bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia limayankhirapo. Ena amayankhidwa pomwepo. Ena amatumiza kawiri, katatu, tokotaimu n'kutha, yankho osabwera, kapena kubwera longoti uthenga walakwika. Kwa mayi amene wayenda kamtunda kufunafuna netiweki, zimenezi zimawawa, ndipo mtima umayamba kuthamangira kwina: kodi mwana walephera?

Nthawi zambiri mwana alibe mlandu. Kumene uthengawo ukupita kulibe munthu woti n'kuganiza kuti mwina mumafuna kunena chakuti. Kuli kompyuta imene ikudikira zinthu zitatu, zobwera motsatana, ndipo china chilichonse imachikana.

Khalidwe limeneli makina anayamba nalo kale. Cha m'ma 1976 Will Crowther wa ku America analemba masewera a pakompyuta otchedwa Colossal Cave Adventure, opanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Wosewera ankawerenga za phanga limene walowa, n'kulemba lamulo la mawu awiri okha, ndipo kompyuta inkangoona zilembo zisanu zoyambirira za liwu lililonse. Anthu ankadziwa bwino chochita, koma ankakakamira pamalo amodzi chifukwa chosapeza liwu lenileni limene wolemba masewerawo anaikamo. Amene ankapita patsogolo ndi amene ankaleka kukangana ndi makina n'kuphunzira kalembedwe kamene makinawo amamva. Ndi mmenenso tichitire ndi 8383.

Yambani ndi pepala ndi cholembera, foni ikhale pambali. Koperani nambala ya mayeso ya mwana kuchokera pamene inalembedwa, osati kuchokera m'mutu mwake, ngakhale atalumbira kuti akuikumbukira. Onetsetsani kuti ndi nambala yake ya mayeso, osati ya sukulu kapena ya chitupa. Mukakopera, wina awerenge mokweza inu mukulondola ndi chala.

Tsopano lembani m'foni motere: nambala ya mayeso, mpata umodzi, chaka, mpata umodzi, kenako giredi yoyamba ndi chilembo G, monga G7, G9 kapena G12. Pakati pa G ndi nambala yake pasakhale mpata. Bungwe la mayeso limalengeza kalembedwe kake zotsatira zikamatuluka, choncho tcherani khutu pa wailesi kuti mumve ngati china chasintha.

Pa chaka m'pamene ambiri amagwa. Chofunika ndi chaka chimene mwana analemba mayeso, osati chimene tili. A giredi 12 amalemba kumapeto kwa chaka, zotsatira n'kutuluka chaka chatsopano chitalowa kale, ndiye dzanja limangolemba lokha chaka chatsopanocho. Amene analemba mu 2024 alembe 2024, ngakhale akutumiza uthengawo mu 2025.

Musapereke moni. Ndikudziwa kuti kwathu kuno, m'Chinsenga kaya m'Chinyanja, kupempha kanthu usanalonjere n'kupanda mwambo, ndipo ulemu umenewo ndi wofunika kuusunga pakati pa anthu. Koma mu uthenga uwu liwu lililonse loonjezera, kaya dzina la mwana, kaya zikomo, limausokoneza. Kadontho kakumapeto nakonso kachotseni. Yang'anitsitsani ziro, chifukwa pa timafoni ta mabatani n'kosavuta kulemba chilembo O m'malo mwa 0, ndipo m'maso zimaoneka ngati chimodzi.

Musanatumize, imbani *114# muone ngati muli ndi tokotaimu yeniyeni. Uthenga wa ku 8383 ndi wolipira, ndiye musadalire bandulo.

Ukakanidwa, musaubwereze uli chomwecho. Makina sasintha maganizo chifukwa choumirira; mudzangotaya ndalama. Uyerekezeni ndi pepala lija, pezani chimodzi chokayikitsa, konzani chimenecho chokha, mutumizenso. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chinali cholakwika. Ngati yankho silinabwere n'komwe, mwina ndi kuchuluka kwa anthu, pakuti tsiku loyamba dziko lonse limatumiza nthawi imodzi. Dikirani maola angapo. Ndipo dziwani kuti yankho la ku 8383 limangokudziwitsani. Chikalata cha zotsatira mukachitengabe kusukulu kumene mwana analembera, ndipo ngati zonse zakanika, aphunzitsi aakulu ndiwo oyenera kuwaona.

Kusamala komweku n'kofunikanso pa *115#, pamene timatumizira ndalama, ndipo apa kulakwitsa kumadula kwambiri. Werengani mzere uliwonse musanasankhe nambala, chifukwa makampani amasintha mndandanda, ndipo chimene chinali pa 2 chaka chatha chikhoza kusamukira pena. Dzina la wolandira likaoneka, imani kaye muliwerenge lonse. Wogulitsa nthochi pamsewu wa Great East ku Nyimba, basi itaima mphindi zochepa, amakhala pachangu, koma ndalama yopita kwa munthu wolakwika imavuta kubweza. PIN mukailakwitsa kangapo motsatana akaunti imatsekedwa, choncho ikakana kawiri lekani, mukhazike mtima pansi muikumbukire bwino.

Ngati maso akuvuta ndipo mwapempha mdzukulu kapena wa pabuthi kuti akulembereni, muuzeni awerenge mokweza zimene walemba asanatumize. Ikafika nthawi ya PIN, tengani foni mulembe nokha.