Kodi mwana wamfupiyu adzatalika?

Pa sikelo ya mwezi watha, pansi pa mtengo wa mango pomwe alangizi a zaumoyo amamangirira chingwe choyezera ana, ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachitsikana amene mtima sunali m'malo. Mwana wake wamwamuna, wa zaka ziwiri ndi miyezi itatu, ankasewera pa fumbi ndi mnzake wobadwa naye mwezi umodzi. Ataimirira moyandikana, mnzakeyo ankamuposa ndi zala zinayi. Mayiyo anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anatembenukira apongozi ake amene anamuperekeza.

"Amayi, koma mwanayu adzatalika?"

"Musiyeni mwana," anatero gogoyo. "Watengera kwathu. Kwathu kulibe wamtali."

Mwina gogoyo ananena zoona. Koma mawu omwewa aphimba mavuto a ana ambiri m'makomo mwathu, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna tikambirane mmene kholo lingasiyanitsire kufupika kwa kumtundu ndi kupinimbira.

Kutalika kumene mwana amabadwa nako sikunena zambiri za mtsogolo mwake. Kumatengera kwambiri mmene anakhalira m'mimba: kadyedwe ka mayi, malungo ngati anawadwala, ndiponso ngati mimba inakwana masiku. Ndiye mumaona khanda lobadwa lalikulu la makolo aafupi likuyamba kukula mwapang'onopang'ono, pomwe lobadwa laling'ono la makolo ataliatali likuthamanga. M'zaka ziwiri zoyambirira mwana amakhala akusaka mzere wake wa kakulidwe. Pofika zaka ziwiri kapena zitatu amakhala waupeza, ndipo ana ambiri sachokamonso mpaka atayamba kutha msinkhu. Dokotala wa ana wa ku Britain, James Tanner, ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 1956 atayerekeza miyezo ya ana a ku Aberdeen, ku Scotland, ndi kutalika kwa anthu omwewo atakula. Muyezo wa tsiku lobadwa unkangogwirizana pang'ono ndi msinkhu wa paukulu, koma wa pa zaka ziwiri kapena zitatu unkagwirizana kwambiri.

Apa m'pomwe panachokera masamu amene anthu ambiri amawakonda. Mnyamata akakwanitsa zaka ziwiri amakhala wafika pafupifupi theka la msinkhu wake wa paukulu, choncho ngati ali masentimita 84, mukhoza kuyembekezera 168 kapena chapompo. Atsikana amafika pa theka limeneli msanga, cha pa chaka ndi theka. Njira ina ndi yoyang'ana makolo. Phatikizani kutalika kwa bambo ndi kwa mayi, muonjezere 13 ngati mwana ndi wamwamuna kapena muchotse 13 ngati ndi wamkazi, kenako mugawe pawiri. Bambo a masentimita 168 ndi mayi a 156, mwana wawo wamwamuna amayembekezeka kufika cha pa 168, wamkazi cha pa 155. Koma masamuwa ndi ongoyerekeza. Mwana akhoza kupyola kapena kuperewera ndi masentimita 8 kapena 9, ndiye kuti mnyamata uja akhoza kudzathera pa 160, akhozanso kudzafika 177. Ana a mimba imodzi amasiyana misinkhu pa chifukwa chomwechi.

Masamu a makolowa ali ndi vuto lina limene kuno kwathu sitiyenera kuliiwala. Amatenga ngati bambo ndi mayi anafika pa msinkhu umene magazi awo anawalembera. Nanga ngati iwowo anapinimbira ali ana? Gogo wobadwa chaka cha njala, amene anakulira phala lamadzimadzi ndi malungo osatherapo, akhoza kukhala wamfupi osati chifukwa cha mtundu. Iye mwini sangadziwe. Amangoona kuti mayi ake anali aafupi, iyenso wamfupi, basi "ndi kamtundu". Chonsecho chimene chakhala chikuyenda m'banjamo si magazi okha ayi, ndi mbale yoperewera. Ku South Korea, akazi obadwa mu 1996 ndi otalika ndi masentimita 20 kuposa obadwa mu 1896. Mtundu ndi womwewo. Chinasintha ndi chakudya, ukhondo ndi chithandizo cha kuchipatala.

Bungwe la World Health Organization linachita kafukufuku kuyambira 1997 mpaka 2003 m'mayiko asanu ndi limodzi: Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Linatsata ana oyamwa bwino, a m'mabanja osasowa chakudya, ndipo linapeza kuti mpaka zaka zisanu mwana wa ku Ghana ndi wa ku Norway amakula mofanana kwambiri. Mizere yoyezera kakulidwe ka ana imene bungweli linatulutsa mu 2006 inachokera pamenepo. Malinga ndi miyezoyi, khanda limabadwa lili pafupifupi masentimita 50, pa chaka chimodzi limafika cha pa 75, pa zaka ziwiri mnyamata wapakatikati amakhala 87 ndipo mtsikana 86. Mnyamata wa zaka ziwiri amene ataima chilili sakufika 81, kapena mtsikana wosafika 79, amawerengedwa kuti ndi wopinimbira.

Ana otere kuno si ochepa. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira. Mu 2010 anali 47. Chimene chimandiwawa ndi chakuti ana opinimbira akachuluka m'mudzi, maso athu amazolowera. Mwana wanu mukamuyerekeza ndi wa aneba mumaona kuti ali bwinobwino, chonsecho onse awiri atsalira. Kuonjezera apo, mwana wopinimbira kawirikawiri saoneka wodwala. Akhoza kukhala wa masaya, wosewera, wolongolola. Kalamba koyezera pamkono kaja kamagwira mwana wowonda, koma mwana wamfupi wonenepa kamamudutsitsa. Pamafunika thabwa loyezera msinkhu. Ndipo nkhani si ya kutalika kokha: njala ndi matenda zimene zimabweza mafupa m'mbuyo ndi zomwezo zimene zimasokoneza kukula kwa ubongo, mwana n'kudzavutika nazo m'kalasi.

Sikuti mwana aliyense wamfupi ali ndi vuto. Alipo ofupika chifukwa makolo awo ndi aafupi ngakhale anakula akudya bwino. Mwana wotere amakhala pa mzere wam'munsi, koma chaka chilichonse amaonjezera monga anzake, ndipo palibe chomudera nkhawa. Aliponso ochedwa. Tonse tikumukumbukira mnyamata amene mu Fomu 1 ankaima kutsogolo kwenikweni pa asembule, mawu akadali a kamwana, koma pofika Fomu 4 ali mzere wakumbuyo, buluku la yunifolomu likulekeza m'miyendo. Mwana wotere amabwerera m'mbuyo pang'ono asanakwanitse zaka zitatu, amayenda pansi pa anzake ubwana wonse, amachedwa kutha msinkhu, ndipo amapitiriza kukula anzake atasiya. Kuchedwa kotereku kumayenda m'magazi. Afunseni bambo ake kuti mawu anasintha ali ndi zaka zingati, kapena mayi ake kuti anatha msinkhu liti. Kuchipatala chachikulu amatha kujambula ekisire ya dzanja lamanzere n'kuona ngati mafupa ake ndi anthete kuposa zaka zake, chizindikiro chakuti malo okulira akadalipo. Wofulumira kutha msinkhu zake zimatembenuka: amaposa anzake ali wamng'ono, koma amasiya msanga kukula. Mtsikana akayamba kusamba amangoonjezera masentimita 5 mpaka 7 basi.

Mwana wobadwa masiku osakwana musamuyerekeze ndi obadwa naye tsiku limodzi. Mpaka atakwanitsa zaka ziwiri, muzichotsera masabata amene anafulumira nawo. Ana obadwa ochepa thupi ambiri amawapeza anzawo pofika zaka ziwiri.

Tsono muyezo wa tsiku limodzi sungakuuzeni kuti mwana wanu ali gulu liti. Chimene chingakuuzeni ndi liwiro la kakulidwe kake, ndipo zimenezi mukhoza kuzitsata pakhomo. Mwana wosakwana zaka ziwiri amayezedwa chogona, pa thabwa, anthu awiri akuthandizana, wina atagwira mutu wina akuwongola mawondo. Ntchito imeneyi asiyireni a kusikelo. Wopyola zaka ziwiri muimikeni pa khoma losalala, pansi pakhale pa simenti kapena pozira bwino popanda zigwembe. Muvuleni nsapato ndi chipewa, ndipo ngati tsitsi lamangidwa pamwamba limasuleni. Zidendene, matako, mapewa ndi nkhongo zikhudze khoma, maso ayang'ane kutsogolo osati kumwamba. Tengani buku lachikuto cholimba, mbali imodzi igunde khoma, mulitsitse mpaka likhudze paliwombo, mulembe kamzere ndi pensulo pansi pa bukulo. Yezani ndi tepi ya atelala kuchokera pansi, mulembe nambala ndi deti mu kope. Chitani zimenezi m'mawa nthawi zonse, chifukwa pofika madzulo munthu amakhala wafupikirako pang'ono, ndipo musabwereze sabata ndi sabata. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi m'pomwe kusintha kumaoneka bwino.

M'chaka choyamba mwana amaonjezera pafupifupi masentimita 25, chachiwiri 12, chachitatu 7 kapena 8, kenako 5 mpaka 6 pa chaka kufikira atayamba kutha msinkhu. Wa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi akatha chaka chathunthu osaonjezera masentimita 5, pitani naye kuchipatala. Pitaninso ngati mzere wake m'buku la kusikelo ukutsika kuchoka pomwe unali, ngati mng'ono wake wayamba kumupeza, ngati amatsegula m'mimba pafupipafupi, amatsokomola osasiya, amapuma mobanika, amatupa mapazi, ndi wotuwa m'maso ndi m'zikhatho, kapena akuchedwa kuyenda ndi kulankhula. Kufupika nthawi zina kumakhala chizindikiro choyamba cha matenda obisika: HIV, TB, matenda a mtima kapena impso, vuto la magazi la sickle cell, kapena chithokomiro chosagwira bwino ntchito. Mwa atsikana muli vuto lobadwa nalo lotchedwa Turner syndrome, lopezeka mwa mmodzi pa 2,000 kapena 2,500, limene nthawi zina chizindikiro chake chooneka chimangokhala kufupika. Ambiri mwa mavutowa ali ndi chithandizo, ndipo chimagwira bwino mwana akafika msanga.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nthawi imene msinkhu umatayika kwambiri ndi masiku 1,000 oyamba, kuchokera pomwe mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Zotayika nthawi imeneyi zimavuta kubweza zonse, ngakhale kuti mwana amapindulabe ndi chisamaliro chabwino pa msinkhu uliwonse. Bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako bere ndi chakudya mpaka zaka ziwiri kapena kupyola. Phala likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni lisayenderere ngati madzi, chifukwa kamimba ka mwana n'kakang'ono ndipo phala lamadzi limangokadzaza popanda phindu. La mgaiwa limaposa la ufa woyera. Thiranimo nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, usipa kapena bonya wosinja, dzira, masamba a bonongwe kapena nkhwani opota, ndi kamafuta pang'ono. Mtedza wa nsinjiro muzisankha, wachuku ndi wofota utayidwe. Mwana wa miyezi 9 kupita m'tsogolo adye katatu kapena kanayi pa tsiku, ndi nthochi, papaya kapena mbatata yofiira pakatipakati.

Mupatseni mbale yakeyake. Ndaona kangapo kamwana ka chaka ndi theka katakhala pa mbale imodzi ndi azikulu ake atatu: iko kakulimbana ndi mbamu yoyamba yotentha, ndiwo zatha kale, katsala ndi msuzi. Akulu amati kadya, pakuti kanali pa mbale. Mafirizesi, tiyi wa shuga ndi tokazinga ta m'mapepala zimamutsekanso mwana chilakolako nthawi ya nsima isanakwane.

Matenda nawo amadya msinkhu. Mwana agone m'neti, alandire katemera yense, vitamini A pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndi mankhwala a njoka za m'mimba akakwanitsa chaka. Akatsegula m'mimba, Thanzi ORS ndi zinki, osasiya kumuyamwitsa, ndipo akachira muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Pomwe amakwawa pasakhale zitosi za nkhuku.

Musayembekezere chozizwitsa kuchokera ku chakudya chimodzi. Mu 2018 ku Mangochi kunachitika kafukufuku wa ana 660 a miyezi 6 mpaka 9. Theka lawo linkalandira dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pamapeto pake sanatalike kuposa anzawo, ngakhale kuti kafukufuku wofanana naye ku Ecuador anaonetsa phindu lalikulu. Dzira ndi chakudya chabwino ndipo mwana azidya, koma palokha silingagonjetse malungo, madzi oipa ndi mimba yotsegula.

Mankhwala otalikitsa ogulitsidwa pa Facebook ndi m'misika musawagule, ngakhalenso aja amati amatsegula chilakolako cha chakudya. Jakisoni wa mahomoni okulitsa alipodi. Katswiri wa mpira Lionel Messi anapezeka ndi vuto losowa mahomoniwa ali mwana ku Argentina, analandira chithandizo, n'kufika masentimita 170. Koma iye madokotala anachita kumuyeza n'kupeza chimene chinkasowa m'thupi mwake, ndipo ana a vuto limeneli ndi ochepa kwambiri. Zoti mwana wogona ukamulumpha satalika, zimenezo sizikhudza mafupa ake. Chimene chimawakhudza ndi chomwe chili m'mbale ndi chomwe chalowa m'mimba.

Ana ambiri amasiya kupita nawo kusikelo katemera akangotha, chonsecho sikelo ndi ya mpaka zaka zisanu. Mwezi uno mutengeni mwana ndi buku lake. Akamupachika n'kulemba kulemera, musanyamuke msanga. Nenani mwaulemu kuti, "Alangizi, ndimafuna mumuyezenso msinkhu, mundionetse pomwe ali pa mzere." Ngati thabwa palibe tsiku limenelo, funsani tsiku loti mukamuyezetse kuchipatala chaching'ono, ndipo nambalayo mukailembenso mu kope lanu kunyumba.