Ng'ombe Zathu za Linunda

Munthu woyenda m'midzi ya ku Chitipa, kuchokera kwa Kameme kufikira ku Nthalire, saona mudzi wambiri wopanda khola. Ng'ombe za m'makolamo nzazing'ono thupi, za linunda pamsana, ndipo akatswiri a ziweto amazitcha Malawi Zebu. Alipo anthu amene amazipeputsa pozilinganiza ndi ng'ombe zazikulu zakunja monga Brahman. Kodi kupeputsa kumeneku nkoyenera? Iyayi ndithu.

M'chaka cha 1892 mliri woopsa wotchedwa rinderpest unafika kumpoto kwa dziko lino, nupulula ng'ombe zosawerengeka. Zochepa zimene zinatsala ndizo zinadzazanso makola, ndipo mibadwo yake yakhala ikulimbana ndi nkhupakupa, dzuwa ndi njala ya chilimwe kufikira lero. Zofooka zinafa, zolimba zinabereka. Kulimba kumeneku sikugulidwa pamsika.

Mdani wamkulu wa ng'ombe m'chigawo chakumpoto ndiye chigodola, nthenda imene madokotala a ziweto amati East Coast fever. Imadza ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kuluma m'makutu. Ng'ombe yodwala imatupa mwanabere kunsi kwa khutu, thupi limatentha, imaleka kudya, ndipo potsiriza imabanika ndi thovu m'mapapo. Ng'ombe yakunja ikagwidwa popanda mankhwala, kawirikawiri imafa pasanathe milungu itatu kapena inayi. Koma mwana wa ng'ombe yathu, wobadwira pakati pa nkhupakupa zomwezo, nthawi zambiri amadwala pang'ono ali wamng'ono, nachira, nakhala wotetezeka. Izi sizitanthauza kuti dibi ndi lachabe, pakuti ana ena amafa ndithu. Katemera wake aliponso, ndipo amapangidwa ku Lilongwe. Kusiyana kwake nkwakuti dibi likatsekedwa miyezi iwiri, mwini ng'ombe zakunja amalira maliro, pamene mnzake wa ng'ombe za linunda amangodandaula.

Za chilimwe nzodziwika kwa aliyense. Pofika Okutobala msipu watha, udzu wapsa, madzi ali kutali. Ng'ombe yaing'ono imakhuta mapesi ndi zotsala za m'dambo. Imaonda, koma mvula ikagwa imabwerera msanga. Yaikulu ifuna madeya ndi ndalama.

Tsono ngati mtundu uli wabwino chotere, nchifukwa ninji m'makola ena ng'ombe zikunka zichepa msinkhu? Mlandu suli pa ng'ombe, uli pa mwini wake. Pakabadwa ana amphongo atatu, mlimi amayang'ana wamkulu ndi wamphamvu koposa, nati, "Uyu adzakoka ngolo." Amamthena. Wachiwiri amagulitsidwa kwa opha nyama, kapena amapita ku malowolo, popeza kwa Alambya ndi Anyiha ng'ombe ili ndi malo ake pa ukwati. Wotsala m'khola ndiye uja wonyozeka, amene palibe anamfuna, ndipo iyeyo ndiye amasanduka tate wa khola lonse. Akakhalamo zaka zisanu, amakwera ana ake omwe. Zotsatira zake ndi ana ofooka, ochedwa kukula, ndi zazikazi zobereka patalipatali. Mlimi yemweyo sangabzale chimanga cha njenjete nadya chabwino, koma pa ng'ombe amachita zomwezo osazindikira.

Njira yokonzera siifuna ndalama zambiri. Mwana wamphongo wosungidwa kuti akhale nkhunzi asankhidwe poyamba, ngolo ndi msika zidze pambuyo. Akhale wokula msanga, wa chifuwa chachikulu ndi miyendo yowongoka, wobadwa kwa make wobereka kawirikawiri ndi wosadwaladwala. Amphongo ena onse athenedwe asanayambe kukwera, chifukwa pabusa ng'ombe za mudzi wonse zimadyera pamodzi, ndipo nkhunzi imodzi yoipa imaononga makola khumi. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, ndipo mwana wamkazi amafika pokweredwa ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Kotero pakatha zaka zitatu nkhunzi ichoke, isinthanitsidwe ndi ya mudzi wina wakutali, ya ku Wenya ipite ku Chisenga, ya ku Chisenga idze ku Wenya. Posinthanitsa, mlangizi wa ziweto adziwe ndi kupereka chilolezo, makamaka kufupi ndi malire a Tanzania ndi Zambia, kumene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amayenda pamodzi ndi ng'ombe zamalonda.