Makalata a Omvera: Kwa Mayi a ku Chimwemwe

Mayi athu a ku Chimwemwe, ku Kitwe, kalata yanu yafika. Mwati mwana wanu wamkazi wabwera ndi buku la Angie Thomas la 2017, The Hate U Give, momwe mtsikana Starr amaona wapolisi wachizungu akuwombera mnzake Khalil, amene analibe chida chilichonse. Ndiye mukufunsa ngati mumulande.

Ayi mayi, musamulande. Mwana wa msinkhu wake amamva zambiri mu minibasi kuposa zimene zili m'bukumo. Chimene ndingakupempheni n'choti mumuuze kuti zoterezi si za ku America kokha. Pa 3 Epulo 1940, pa Nkana pomwepa, asilikali anawombera anthu akuda ogwira ntchito mumgodi amene ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, azungu atawakwezera kale awo. Anthu 17 anafa. Ku Luanshya nako, mu 1935, apolisi anapha anthu 6 pa mkangano wa msonkho. Alembi athu a ku Ndola ndi Kitwe, mukudikira chiyani kulembera achinyamata nkhani zimenezi?

Mayi, ngati agogo a mwana wanuyo anakulira m'komboni za mgodi, apite akawafunse za masiku ogulira nyama pawindo, azungu akulowera pakhomo.